Mankhwala Opumira a Mphumu ndi Matenda a Mgonagona a M'mapapo

Mankhwala opumira ndi mankhwala amene wodwala amawakokera m'chifuwa pamodzi ndi mpweya kudzera pa kachipangizo kotchedwa inhela. Amalembedwa ndi dokotala kapena wachipatala wina wovomerezeka kwa anthu odwala mphumu, ndiponso kwa odwala matenda otseka njira za mpweya amene m'zipatala amadziwika ndi chidule chakuti COPD. Matenda awiriwa satheratu m'thupi, koma mphamvu yawo imagwetsedwa. Munthu amene wapatsidwa mankhwala oyenera, nawapuma m'njira yake, amatha kulima, kupalasa njinga ya katundu kupita kumsika ndi kugona mpaka mbandakucha osadzutsidwa ndi phuma.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo. M'chaka chomwecho COPD inapha anthu 3.23 miliyoni. Ambiri mwa omwalirawa anali a m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, komwe matendawa amazindikirika mochedwa ndipo mankhwala opumira safikira aliyense wowafuna.

Zimene zimachitika m'chifuwa

Mpweya ukalowa pamphuno umatsika ndi kholingo, n'kugawikana m'timipaipi tochuluka tonga nthambi za mtengo mpaka kukafika m'timatumba tating'onoting'ono ta m'mapapo. Mwa munthu wa mphumu, khungu la m'kati mwa timipaipiti limakhala lotupa ndiponso losachedwa kunyanyuka, ngakhale pa masiku amene iye akudzimva bwino. Likakumana ndi utsi, fumbi, chimfine kapena mphepo yozizira, timinofu tozungulira timipaipito timafinya, kutupa kumawonjezeka ndipo makhololo amachuluka. Apa m'pamene wodwala amabanika, chifuwa chimamuthina, amatsokomola makamaka usiku ndi m'mamawa, ndipo popuma pamamveka kaphokoso konga kulira kwa mwana wa mphaka. Mphumu imabwera ndi kupita. Kawirikawiri imayamba paubwana, ngakhale ingayambenso munthu atakula, ndipo imakonda kuyenda m'magazi a banja. Siipatsirana: kudyera mbale imodzi kapena kugona chipinda chimodzi ndi wodwala sikupatsa munthu mphumu.

COPD ndi yosiyana. Imaoneka kwambiri mwa anthu opitirira zaka 40 amene mapapo awo akhala akuwonongeka pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Phuma lake silichoka, limangokula. Poyamba munthu amaona kuti chitunda chimene ankakwera mosavuta chayamba kumupumitsa kawiri, kenaka ngakhale kusamba kumakhala ntchito. M'mayiko olemera, odwala oposa 70 mwa 100 alionse amadwala chifukwa cha kusuta fodya. M'mayiko onga Malawi fodya amayambitsa pakati pa 30 ndi 40 mwa 100 alionse, ndipo gawo lina lalikulu limachokera ku utsi wa nkhuni, makala ndi zitsononkho wopumidwa tsiku ndi tsiku m'khitchini yopanda zenera. N'chifukwa chake gogo amene sanagwirepo ndudu moyo wake wonse angathe kupezeka ndi matendawa. Chifuwa chachikulu cha TB, ngakhale chitachizidwa, nachonso chimasiya zipsera m'mapapo, monganso fumbi la m'migodi limene abambo ambiri anabwera nalo kuchokera ku Johannesburg.

Chifukwa zizindikiro za matendawa zimafanana ndi za TB, chibayo ndi kufooka kwa mtima, palibe amene ayenera kudziyeza yekha. Chifuwa chimene chatha masabata awiri, makamaka chikamabwera ndi kuwonda, thukuta la usiku kapena magazi m'makhololo, chiyenera kuyezedwa ngati si TB mankhwala opumira asanayambidwe. Pofuna kutsimikiza za mphumu kapena COPD, achipatala amamvetsera mbiri ya wodwala, amapima chifuwa, ndipo kumene kuli chida chake amauza wodwalayo kuti auzire mwamphamvu m'makina oyeza kuchuluka ndi liwiro la mpweya wotuluka m'mapapo.

Chifukwa chake mankhwalawa amapumidwa

Piritsi likamezedwa limayenda ulendo wautali: m'mimba, m'chiwindi, m'magazi, kenaka m'thupi lonse, ndipo kachigawo kochepa chabe ndi kamene kamafika pamene pali vuto. Mankhwala opumira amagwera pomwepo. Piritsi limodzi la salbutamol la munthu wamkulu limakhala la mamiligalamu 4, pamene kupopa inhela kamodzi kumatulutsa mamaikirogalamu 100. Kupopa kawiri, komwe ndi mlingo wozolowereka, ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a piritsi lija, komabe kumatsegula chifuwa m'mphindi zisanu, pamene piritsi limatenga theka la ola kapena kuposa ndipo limanjenjemeretsa kwambiri. Anthu ambiri amaona jakisoni ndi mapiritsi ngati mankhwala enieni, inhela n'kuiona ngati chothandizira chabe. Pa matenda awa, inhela ndiyo mankhwala enieniwo, ndipo akatswiri salimbikitsanso mapiritsi a salbutamol kapena aminophylline kumene inhela ikupezeka.

Inhela yopopera inayamba kugulitsidwa mu 1956 ndi kampani ya Riker Laboratories ku America. Ganizo lake linachokera kwa mtsikana wa zaka 13 wodwala mphumu, mwana wa George Maison amene ankatsogolera kampaniyo, atafunsa chifukwa chimene mankhwala ake sankaikidwa m'kachitini kopopera ngati mafuta a tsitsi. Salbutamol anafika pamsika ku Britain mu 1969 ndi dzina lakuti Ventolin, ndipo beclomethasone wopumira anatsatira mu 1972.

Otsegula ndi oteteza

Kusiyanitsa magulu awiriwa ndiye phata la nkhani yonse, ndipo apa m'pamene odwala ambiri amasokonezeka.

Gulu loyamba ndi la mankhwala otsegula chifuwa mwamsanga. Odziwika kwambiri ndi salbutamol, amene nthawi zambiri amakhala mu inhela ya mtundu wabuluu. Amamasula timinofu tija tofinya, ndipo mphamvu yake imakhala kwa maola 4 mpaka 6. Kutupa kwa m'kati sakukhudza n'komwe. Ali ngati kukapa madzi m'nyumba yodontha: pansi pamauma, koma denga likadali lobowoka.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala oteteza, a m'banja la corticosteroid, monga beclomethasone, budesonide ndi fluticasone. Inhela ya beclomethasone kawirikawiri imakhala yofiirira, ngakhale mitundu imasiyana malinga ndi kampani, choncho ndi bwino kudalira dzina lolembedwa osati mtundu wokha. Mankhwalawa amaphwetsa kutupa. Sapereka mpumulo wa nthawi yomweyo. Kusintha kumayamba kumveka pakatha masiku angapo, ndipo phindu lonse limaoneka pakatha masabata. Amapumidwa tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo, wodwala akhale akumva bwino kapena ayi. Cholakwika chofala n'chakuti munthu amayesa inhela yofiirira pamene wabanika, naona kuti siikumuthandiza, n'kuiponya m'thumba n'kumangodalira yabuluu. Wina amaipuma mokhulupirika kwa mwezi umodzi, akaona kuti wachira amaisiya, ndipo mphumu imabweranso ndi ukali pa nyengo yozizira yotsatira.

Kudalira salbutamol yekha ndi koopsa. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri wasonyeza kuti wodwala amene amamaliza mainhela a salbutamol atatu kapena kuposa pachaka amakhala pachiopsezo chachikulu chogwidwa ndi mphumu yofuna kugonekedwa m'chipatala, ndipo amene amamaliza imodzi mwezi uliwonse ali pachiopsezo cha imfa. Potsatira umboni umenewu, mu 2019 bungwe la Global Initiative for Asthma, limene limapereka malangizo a kasamalidwe ka mphumu padziko lonse, linasiya kulimbikitsa zopatsa achinyamata ndi akuluakulu salbutamol yekha, ngakhale mphumu yawo ikhale yooneka yaing'ono. Linati aliyense azilandira mankhwala okhala ndi corticosteroid. Salbutamol ndi beclomethasone opumira onse ali m'ndondomeko ya kaperekedwe ka mankhwala m'zipatala za m'Malawi, ndipo wodwala amene wakhala akulandira yabuluu yokha ali ndi chifukwa chomveka chofunsira wachipatala za yoteteza.

Pali zizindikiro zinayi zosonyeza kuti mphumu siinagonje. Wodwala aganizire za masabata anayi apitawo: kodi wabanika masana koposa kawiri pasabata, wadzukapo usiku chifukwa cha mphumu, wafuna inhela yabuluu koposa kawiri pasabata, kapena walephera ntchito imene amagwira nthawi zonse? Ngakhale chimodzi chokha mwa izi ndi chokwanira kuti akaonanenso ndi achipatala.

Mankhwala okhalitsa ndi ophatikiza

Ngati corticosteroid yekha sakukwanira, dokotala amawonjezera mankhwala otsegula chifuwa okhalitsa, monga formoterol kapena salmeterol, amene mphamvu yake imatha maola 12. Pa mphumu mankhwala amenewa saperekedwa okha, chifukwa amabisa zizindikiro kutupa kukukulirakulira. N'chifukwa chake amaikidwa mu inhela imodzi ndi oteteza, monga budesonide ndi formoterol, kapena fluticasone ndi salmeterol. Formoterol ali ndi mwayi wina: amayamba kugwira ntchito mwamsanga ngati salbutamol. Choncho inhela ya budesonide ndi formoterol ingalembedwe kuti ikhale yoteteza komanso yotsegula nthawi imodzi. Ya fluticasone ndi salmeterol siigwiritsidwa ntchito chotero.

Pa COPD dongosolo limatembenuka. Maziko a chithandizo ndi mankhwala otsegula okhalitsa, makamaka tiotropium, wopumidwa kamodzi patsiku, kapena ipratropium amene mphamvu yake ndi yaifupi ndipo amapumidwa kangapo. Corticosteroid amawonjezeredwa kwa odwala ena okha, makamaka amene matenda amawagunda pafupipafupi, popeza mwa odwala COPD amawonjezera mpata wodwala chibayo. Palibe inhela imene imabwezeretsa mapapo owonongeka. Chimene chimachedwetsa kuwonongekako koposa china chilichonse ndi kusiya fodya, wa ndudu ngakhale wa chingambwe, ndi kuchoka mu utsi.

Kapumidwe kake

Mankhwala abwino opumidwa molakwika amathera pa lilime ndi kukhosi. Odwala ambiri, ngakhale amene akhala ndi inhela zaka zambiri, amalakwitsa penapake, choncho si chamanyazi kupempha namwino kuti aonerere mmene munthu akupumira ndi kumukonza.

Pa inhela yopopera, wodwala amachotsa chivindikiro, amaikhutchumula, amakhala tsonga kapena kuimirira, natulutsa mpweya wonse. Kenaka amatseka milomo mozungulira kukamwa kwa inhela, amayamba kukoka mpweya pang'onopang'ono, ndipo atangoyamba kukokako amadina kachitini kamodzi, napitiriza kukoka modekha mpaka chifuwa chitadzaza. Amagwira mpweyawo kwa masekondi 10 kapena mmene angathere. Ngati alamulidwa kupopa kawiri, amadikira theka la mphindi, nakhutchumulanso, n'kubwereza. Kaufunga kakaoneka kakutuluka m'kamwa kapena m'mphuno, ndiye kuti mankhwala atayika.

Chovuta pa njirayi ndi kugwirizanitsa chala ndi mpweya, makamaka kwa ana, okalamba ndi munthu amene wabanika kale. Yankho lake ndi sipesa, chibotolo chimene chimaikidwa pakati pa inhela ndi pakamwa kuti mankhwala ayambe aima m'menemo wodwala n'kumawakoka mosathamanga. Kumene sipesa ya kufakitale siikupezeka, botolo la pulasitiki la chakumwa la mamililita 500 limagwira ntchitoyo. Kafukufuku amene Heather Zar ndi anzake anachita pa ana odwala mphumu ku Cape Town, wofalitsidwa mu 1999, anapeza kuti botolo lotere limathandiza mofanana ndi sipesa yogula. Kumatako kwa botolo kumabowoledwa bowo lofanana ndendende ndi kukamwa kwa inhela kuti mpweya usamathawire m'mbali, ndipo wodwala amapumira kukamwa kwa botolo. Botololo litsukidwe ndi madzi a sopo wotsukira mbale, lisiyidwe kuti liume lokha osalipukuta ndi nsalu, chifukwa kupukuta kumachititsa kuti mankhwala azikakamira m'mbali. Mankhwala amapoperedwamo kamodzi kokha, wodwala n'kupuma kasanu, kenaka kupopanso. Kupopa kawiri kapena katatu nthawi imodzi kumangowononga. Ana aang'ono amene sangathe kutseka milomo pabotolo amafuna sipesa yokhala ndi chophimba mphuno ndi pakamwa. Botolo limene munasungidwapo mafuta a nyale, petulo kapena mankhwala a mbewu lisayesedwe n'komwe.

Mainhela a ufa ndi osiyana. Sapopa, mphamvu ya wodwala ndiyo imakoka mankhwala, choncho amakokedwa mwamphamvu ndi mozama kuyambira pachiyambi. Sagwiritsidwa ntchito ndi sipesa, ndipo wodwala asauzire mpweya m'kati mwake chifukwa chinyezi chimaumbitsa ufawo. Ena, monga tiotropium wa mtundu wina, amabwera m'makapisozi oikidwa m'kachipangizo kowabowola. Makapisozi amenewa si omeza.

Akamaliza kupuma mankhwala alionse okhala ndi corticosteroid, wodwala achukuche m'kamwa ndi madzi n'kulavula.

Zovuta zimene zingabwere

Salbutamol ndi formoterol angathe kunjenjemeretsa manja, kuthamangitsa mtima kapena kupweteketsa mutu kwa kanthawi. Corticosteroid wopumira angayambitse zilonda zoyera m'kamwa ndi kusasa mawu, zimene kuchukucha ndi sipesa zimachepetsa kwambiri. Tiotropium ndi ipratropium amaumitsa m'kamwa, asalowe m'maso, ndipo abambo amene amavutika kale pokodza adziwitse dokotala asanayambe. Makolo ena amaopa kuti mankhwala oteteza apinimbiritsa mwana. Pa milingo yozolowereka, kusiyana kwa msinkhu kumene kwapezeka ndi pafupifupi sentimita imodzi, pamene mphumu yosasamalidwa imajombetsa mwana kusukulu, imamulanda tulo ndipo ingathe kumupha.

Inhela siizolowereka ngati fodya kapena mowa, ndipo siifooketsa mtima kapena mapapo. Munthu akamaifuna pafupipafupi, ndi matenda amene akukula, osati chilakolako. Siili chizindikiro chakuti wodwala watsala madzi amodzi, monga ena amanenera m'midzi. Ana asukulu ndi akatswiri a masewero amaigwiritsa ntchito. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asasiye mankhwala ake, pakuti mayi akabanika, mwana m'mimba nayenso amasowa mpweya.

Pali mankhwala ena amene sagwirizana ndi matendawa. Propranolol ndi atenolol, operekedwa pa kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima, angathe kutseka chifuwa cha munthu wa mphumu. Asipirini, ibuprofen ndi diclofenac amautsa mphumu mwa odwala ena. Amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir anene zimenezi poyera, chifukwa ritonavir amachititsa kuti fluticasone ndi budesonide aunjikane m'magazi. Kwa iwo dokotala nthawi zambiri amasankha beclomethasone. Buku la kuchipatala likhale limodzi, ndipo lizionetsedwa kulikonse kumene wodwala akulandira chithandizo.

Pamene zinthu zafika poipa

Wodwala akalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha phuma, milomo kapena lilime zikayamba kuda, khungu la pakati pa nthiti likamalowa m'kati popuma, akayamba kusinza kapena kubwebweta, kapena inhela yabuluu ikapanda kuthandiza, imeneyo ndi ngozi. Chifuwa chimene chinali kulira chikangoti zii wodwala akadali wobanika, zinthu zaipiraipira, sikuti zayamba kukhala bwino. Akhazikidwe tsonga, asagonekedwe. Wamkulu kapena mwana wa zaka 6 kupita m'tsogolo apatsidwe salbutamol kudzera pa sipesa, kupopa kamodzikamodzi, kanayi mpaka kakhumi, ndipo izi zingabwerezedwe pakatha mphindi 20 zilizonse kwa ola limodzi ali pa ulendo wa kuchipatala. Mwana wochepera zaka 6 amapatsidwa kawiri mpaka kasanu ndi kamodzi. Ulendowo usadikire kuti kuche. Kuchipatala angapatsidwe mpweya wa okosijeni ndi mapiritsi a prednisolone a masiku ochepa. Prednisolone ndi dexamethasone ogulidwa mwamseri n'kumamwedwa miyezi yambiri amatupitsa nkhope, amayambitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafooketsa mafupa ndi chitetezo cha m'thupi.

Kwa alimi ndi ochita malonda

Nyengo ya Juni ndi Julayi, pamene kumazizira ndipo mabanja amaotha moto m'nyumba zotseka, ndi yowawa kwa odwala ambiri. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala kumabwera fumbi, mphepo ndi utsi wa tchire lotenthedwa. Pamwamba pa izi pali fumbi la ntchito: kutonola ndi kupeta chimanga, kupuntha nyemba ndi soya, kusankha ndi kudinda fodya m'chigafa, kuthira mankhwala a anankafumbwe, gaga wa kuchigayo, khola la nkhuku, uvuni wa makala ndi wa njerwa. Wodwala sangasiye ulimi, koma angathe kugwira ntchito zafumbi panja ataima kumene mphepo ikuchokera, kuvala chophimba pakamwa ndi mphuno, kusiyira ena ntchito yothira mankhwala, ndi kuonetsetsa kuti inhela yoteteza siikudumphidwa nyengo zimenezi zikamayandikira. Kuphikira panja kapena m'khitchini ya mazenera, ndi nkhuni zouma bwino, kumachepetsa utsi umene mayi ndi mwana wa kumsana amapuma.

Inhela yambiri yopopera imakhala ndi milingo 200. Amene amapopa kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo amaimaliza m'masiku 50, choncho ndi nzeru kulemba tsiku loyambira pakabokosi ndi kukatenga ina isanathe. Kachitini kangapitirize kutulutsa kaufunga ndi kumveka ngati muli kanthu mankhwala atatha kale, ndipo kukayandamitsa m'madzi sikupereka yankho lodalirika. Inhela isasiyidwe padzuwa, pafupi ndi mbaula kapena kutsogolo kwa galimoto yoimikidwa pa dzuwa la Okutobala. Kachitini kakatha kasabowoledwe kapena kuponyedwa pamoto, chifukwa kamaphulika. Oyenda maulendo a malonda opita ku Tunduma, Chipata kapena Johannesburg aziyenda ndi inhela m'thumba la chovala, osati m'chikwama chimene chamangidwa pamwamba pa basi, pamodzi ndi chikalata cha dokotala.

Mankhwala opumira ndi olembedwa ndi achipatala, ndipo malo ake ndi chipatala kapena famase yokhala ndi chiphaso cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019 kuti liziyang'anira mankhwala m'dziko muno. Kugulitsa mankhwala otere pamsika, m'golosale kapena m'basi ndi kuphwanya lamulo, ndipo wogula sangadziwe ngati kachitiniko n'kodzaza, kanapsa ndi dzuwa kapena kanapitirira masiku ake. Kubwerekana inhela yoteteza nakonso n'kosayenera, popeza mlingo wa mwana, wa munthu wamkulu wa mphumu ndi wa wodwala COPD si umodzi. Wodwala amene mphumu yake yakhala chete kwa miyezi itatu angathe kuchepetseredwa mlingo, koma wochepetsa ndi wachipatala pa tsiku la kliniki ya matenda osapatsirana, atamumvetsera chifuwa ndi kuona mmene akupumira inhela yake.